Zigubu za ku George pa Mchenga wa Bagamoyo

Ana anga, mwa anthu onse amene komboni ya George ya mu Lusaka inabala chiyambire, palibe wodziwa za nyanja ya mchere kuposa ine atate wanu. Ndikulemba izi mopanda mantha, ndipo wotsutsa abwere ndi mboni. Ndingovomereza kuti mpikisano wake sunali woopsa. Amene ankandiopseza pang'ono anali malemu ba Njovu a pa kantemba, kagolosale kaja, chifukwa anali ndi kalendala ya chithunzi cha sitima ya pamadzi, koma atamwalira kalendalayo achibale anapita nayo ku Petauke. Kuyambira pamenepo ndakhala ndekha pampando.

1985: Koleji ndi ntchito yoyamba

Za ubwana wanga sindilemba, chifukwa aliyense anakhalapo mwana ndipo palibe anapatsidwa mendulo. Ndiyambira pa koleji yophunzitsa za mahotela ndi zokopa alendo, kumene ndinaphunzira materemu awiri athunthu. Teremu yoyamba tinaphunzira kupinda nsalu za patebulo ndi kumwetulira munthu amene akukutukwana. Yachiwiri tinaphunzira mapiri, mathithi ndi nyama za m'tchire. Nyanja zinali za teremu yachitatu. Koma amalume amene ankandilipirira anakwatira mkazi wachiwiri, ndipo atayerekeza mkaziyo ndi nyanja, nyanja inagonja.

Ndinapita kukapempha ntchito kwa ba Chileshe, Mbemba wa ku Kasama amene panthawiyo anali ndi basi imodzi ndi mimba yaing'ono. Zonse ziwiri zinakula pambuyo pake. Anandiyang'ana kuyambira ku nsapato, nandifunsa chimene ndinaphunzira.

"Zokopa alendo, bwana."

"Unasiliza?"

"Ndinasiyira pakati, bwana."

"Ni bwino. Bamene banasiliza bamaba na mapepala, sungabagwile. Kwanu ni kuti?"

Nditati ku Katete anaseka mpaka kutsokomola. "Mbuya wanga! Imwe ba kum'mawa mumaba chabe mbeba mu munda mwa bene. Ndalama simuiziba. Uyambe mailo."

Inu mukudziwa kuti Mbemba ndi munthu wa kum'mawa ndi a chimbuya, amanyozana popanda kukwiyirana. Choncho ndinayankha mwaulemu kuti ndamva kuti kwawo anyani anatha m'nkhalango chifukwa cha ndiwo, ndipo ndapepesa. Ntchito ndinaipeza motero, yolemba matikiti pa siteshoni.

Ba Chileshe anali ndi chiphunzitso chimodzi chokha, ndipo ankachilalikira m'mawa uliwonse. "Phiri, munthu akakusekelela, gwila thumba. Akakupasa moni kabili, yenda ukapende matayala." Sankakhulupirira dalaivala, makaniko, mkazi wawo, ngakhale geji ya mafuta. Ankaviika ndodo m'thanki ndi dzanja lawo. Ine ndinali wophunzira wabwino. Pofika chaka chachiwiri ndinali nditayamba kukayikira ngakhale chenje chimene ndabweza ndekha.

1991 mpaka 2013: Kapiri ndi Nakonde

Mabasi atachuluka ananditumiza ku Kapiri, kumene ndinakhala zaka zingapo ndikudya fumbi ndi nthochi. Inali nthawi ya kusowa. Matayala tinkasoka ngati nsapato, dizilo tinkagula m'zigubu kwa anthu amene sankafuna kutchula mayina awo, ndipo mabuku a matikiti atatha ndinkalemba pa makatoni a fodya n'kudindapo chidindo. Munthu wina anakana tikiti yotero, nati ndi yabodza. Ndinamuuza kuti basi nayonso ndi yokayikitsa, koma ikupita. Anakwera. Kenako ananditumiza ku Nakonde, pa malire, kumene amayi anu ankabwera kudzandiona kamodzikamodzi ndi kudzaonetsetsa kuti m'nyumba mulibe chitenje chachilendo. Kumeneko ndinaphunzira Chiswahili cha pamsika, chokwanira kufunsa mtengo ndi kukana. Amalonda ankadutsa pa windo langa kupita ku Dar es Salaam ndi kubwerako, ndipo aliyense ankandiuza za nyanja mosiyana ndi mnzake. Wina ankati ndi yobiriwira, wina yakuda, wina ankati sanaione chifukwa anali wotanganidwa ndi mabelo a salaula, zovala za kaunjika. Ine sindinapitirire msika wa Tunduma, ungowoloka malire pomwepo. George yense ankadziwa zimenezi, chifukwa amayi anu sasunga chinsinsi chimene chingaseketse anthu.

2014: Nzeru za ba Chileshe

Nditabwerera ku Lusaka, ba Chileshe anandiitana mu ofesi natseka chitseko, chinthu chimene ankachita akafuna kuchotsa munthu ntchito kapena kumupatsa ntchito yoipa kuposa kuchotsedwa. Vuto lawo linali lakuti basi yopita ku Tanzania inkapita ndi mipando yopanda anthu, n'kubwerako yodzaza katundu. Mipando yopanda anthu inkawapweteka ngati dzino.

"Phiri, si iwe unaphunzila vokopa balendo? Bakope manje. Bazungu bamalipila kuyenda kuona chabe manzi. Nanga bantu ba mu komboni balibe menso?"

Anali atamva za tauni ya Bagamoyo, ya m'mphepete mwa nyanja, kumene kuli nyumba zakale ndi chikondwerero cha magule. Basi ikatula anthu kumeneko m'mawa, aone zoona zawo, kenako ipite ku Dar es Salaam kukanyamula katundu. Ine ndikhale wotsogolera. Ndinafunsa ngati malipiro akwera. Anati ulemu ukwera.

Anthu oti ndiwakope ndinawapeza pafupi. Amayi anu ankagulitsa tomato pa maliketi, ndipo anali m'chilimba cha azimayi a pamenepo, chija amasonkha mwezi ndi mwezi n'kumapatsana mosinthana. Wapampando anali bana Mulenga, mayi wamkulu thupi ndi mawu, wogulitsa nsomba zouma, wobadwira ku Samfya m'mbali mwa nyanja ya Bangweulu. Anaitanitsa msonkhano kuseri kwa matebulo a makala, ndipo ine ndinaima pakati ndi tayi.

Ndinalankhula bwino kwambiri. Ndinanena za mafunde, za mphepo yochiritsa, za mchenga woyera ngati ufa woyamba. Kenako bana Mulenga anachotsa kamtengo m'mano.

"Ba Phiri, imwe munaionako iyi nyanja?"

"Ndinaiphunzira, mayi."

"Ninafunsa kuti munaiona?"

"Ndinafika pafupi."

"Pa Tunduma," anatero amayi anu, mkazi wanga wa ine mwini, ndipo msonkhano wonse unagwa ndi phwete.

Koma mtima wofuna kuona unalipo. Azimayi amenewa anali atagwira ntchito moyo wawo wonse osapitapo kulikonse kumene kunalibe maliro. Anagwirizana kuti chilimba cha chaka chimenecho chisapite kwa munthu, chipite ku ulendo. Kenako bana Mulenga anaimirira napereka chigamulo chimene ndikuchikumbukira mawu ndi mawu.

"Tizayenda. Koma amake Tisa, bakazi ba ba Phiri, bazasala kuno, kuti aba bamuna basatitaye mu njila. Ba Phiri, mukatinama, ku George musakabwele. Na tebulo ya bakazi banu pa maliketi tizapasa munthu wina. Mbeba ikaba mu nkhokwe, timashoka pa moto na bana bake."

Musaganize kuti anali mawu a chimbuya chabe. Munthu amene wadya chilimba m'komboni sapita ku khoti. Amangoona kuti palibe womuyankha moni, palibe wogula kwa mkazi wake, pa maliro pake padzakhala mipando yokha. Ndinaonapo banja lina likusamuka pa wilibala chifukwa cha zimenezi. Tebulo la tomato lija ndi limene linakulipirirani sukulu nonsenu, osati matikiti anga. Amayi anu anasiya kuseka, nandiyang'ana monga munthu amayang'anira denga mvula ikamabwera.

Tsiku lonyamuka ndinapeza vuto limene koleji sinandikonzekeretse. Mayi aliyense anabwera ndi zigubu zopanda kanthu, zina zitatu, zina zisanu, chilichonse chomangidwa kansalu pa chogwirira kuti chidziwike mwini wake. Mbiri inali itamveka kuti azimayi a pa maliketi akupita ku nyanja ya mchere, ndipo George yense anaitanitsa madzi. Wina ankafuna osambitsira miyendo yotupa, wina owaza pa kantemba kuti makasitomala abwere, wa mpingo wina ankafuna a mapemphero, ndipo mayi wina anangoti ndi a mwamuna wake, osafotokoza. Dalaivala wathu, ba Jairosi, anazimanga pamwamba pa basi, ndipo tinatuluka mu Lusaka tikulira ngati ng'oma.

Za m'njira sindichulutsa. Azimayi anakayikira wosintha ndalama pa malire, anakayikira tiyi wa zonunkhira, anakayikira mpunga chifukwa unali wotsika mtengo. Ine ndinkaimirira kutsogolo nthawi ndi nthawi n'kumaphunzitsa za nyanja, ndipo nditaona kuti mfundo zikutha ndinayamba kubwereza zoyamba ndi mawu okulirapo.

Bagamoyo

Tinafika m'mawa, dzuwa litakwera pang'ono. Ba Jairosi anaimika basi pansi pa mitengo ya kokonati, ndipo azimayi anatsika akukonza maduku, ena akuyamba kale nyimbo. Ine ndinatsogola ndi tayi yanga, ndinadutsa pakati pa nyumba ziwiri, ndinatambasula dzanja monga tinaphunzirira teremu yoyamba, ndipo ndinati, "Amayi, nayi nyanja."

Kunalibe nyanja.

Kunali mchenga wonyowa ndi matope, kutalika ngati minda ya boma. Kunali ndere zonunkha ndi tinkhanu tothamangathamanga. Mabwato akuluakulu anali atagona cham'mbali ngati ng'ombe zodwala. Kutali kwambiri, kumene maso amayamba kunama, kunali kamzere kowala ngati lata. Nyimbo ija inafa yokha.

"Ba Phiri," anatero bana Mulenga mofatsa, ndipo kufatsa kwawo kunali koopsa kuposa kukuwa. "Nyanja ili kuti?"

"Ndi iyo uko, mayi."

"Kaja? Ine ninabadwila pa manzi, mwandi. Ku Samfya manzi siyayenda kumaliketi. Yamankhala pamene yanagona. Iyi nyanja inauma. Onani mabwato. Inauma kudala, na imwe na ba Chileshe banu munaziba. Ndiye chifukwa mutengo unali wochipa."

Ndikuuzeni zoona, ana anga, ine ndinagwirizana nawo mumtima. Ndinayamba kukayikira ba Jairosi kuti atikhotetsera pa dambo lina kuti asunge dizilo. Ndinakayikira ba Chileshe kuti anamva za chilala ichi pa wailesi n'kukhala chete. Ndinakayikira ngakhale koleji, kuti mwina anaika nyanja teremu yachitatu podziwa kuti pali chobisa.

Pafupi panali mayi wogulitsa kokonati. Ndinasonkhanitsa Chiswahili changa cha pa Nakonde ndi kumufunsa kumene madzi apita. Anayankha osatukula mutu, akusenda kokonati, kuti abwera madzulo, amatero masiku onse. Kenako anandifunsa ngati tigula. Ndinamasulira mawu ake kwa azimayi, koma gawo la kugula analimva okha.

"Ehe! Afuna tinkhale tizigula vinthu vake. Yazabwela mazulo! Si vamene bamatiuza pa kiyosiki ya manzi ku George?"

Ba Jairosi nawonso anati n'zoona, madzi a kuno amapita ndi kubwera. Koma ba Jairosi ndi munthu amene anatiuzapo kuti anaona nsomba yaikulu kuposa basi, ndiponso kuti sanamwepo mowa chibadwire. Umboni wawo unaipitsa mlandu.

Ndi pamene foni ya ba Jairosi inalira. Anali ba Chileshe, ndipo ankafuna ine. Katundu ku Dar es Salaam anali wokonzeka msanga, mwini wake akuopseza kuti apatsa basi ina. Anati tinyamuke dzuwa lisanafike pamutu.

"Bwana, anthu sanaone nyanja. Kulibe madzi."

"Nanga ine ndine nasunga manzi? Baona muchenga, ni wa pa nyanja. Bakweze. Bazaona pa windo ku Dar."

Ndinayang'ana ba Jairosi, amene anapukusa mutu. Kumene tinkanyamula katundu kunali pakati pa masitolo, ndipo madzi okha ooneka kumeneko anali a m'ngalande.

"Bwana, akuti abwera madzulo."

"Bakuti! Phiri, nakuphunzisa zaka zingati? Ukapanda kunyamuka manje, nchito yasila. Wamvela?"

Ndinamva. Ndinaima pamenepo ndi foni m'manja, thukuta likutsikira m'tayi. Ndikamvera bwana, ntchito ndisunga, koma ndibwerera ndi azimayi amene aona matope, ndi zigubu zopanda kanthu zolira pamwamba pa basi kuti George yense amve tisanafike. Amayi anu ataya tebulo. Ndikakana, ntchito yatha, ndipo madzi akapanda kubwera ndataya zonse ziwiri, kudziko la eni, pakati pa azimayi olusa. Ndipo chondiyimitsa chinali mawu a munthu wogulitsa kokonati ndi a munthu wabodza.

Chimene chinandithandiza si chikhulupiriro. Ndi kukayikira komweko kumene ba Chileshe anandiphunzitsa. Ndinayang'ananso mabwato aja ndipo ndinaona kuti lililonse linali lomangidwa chingwe, chingwe chabwino, chatsopano. Ndinadzifunsa kuti, kodi munthu angamangirire bwato pouma chifukwa chiyani? Wakuba sangalinyamule pamutu. Munthu amamanga chinthu chimene akudziwa kuti chingathawe. Eni mabwatowa ankayembekezera chinachake.

Ba Jairosi anali atapita kuseri kwa mtengo, kiyi ataisiya m'basi. Ndinakwera, ndinaizula, ndinatsika, ndipo pamaso pa onse ndinaipereka kwa bana Mulenga ndi manja awiri.

"Mayi, basi iyi sichoka mpaka mutaona nyanja."

Anaiyang'ana kiyiyo, anandiyang'ana ine, kenako anailowetsa m'kamisolo pachifuwa. Ba Jairosi atabwera n'kumva kumene kiyi ili, anakhala pansi pa tayala n'kugwira mutu. Panalibe mwamuna mu Zambia kapena mu Tanzania amene akanaitsata kumeneko.

"Manzi yakapanda kubwela," anatero bana Mulenga akuloza matope aja, "iyi kiyi nizaitaya mu matika, na imwe pamozi."

Tsopano azimayi anayamba kuiganizira nkhaniyo mwa nzeru za kwathu. Mayi wina wogulitsa makala anati mwina si bodza, mwina kunonso madzi amatsegula ndi kutseka monga ku George, kungoti akuluakulu a kuno amatseka ambiri nthawi imodzi. Zimenezi zinamveka kwa onse. Madzi opita osatsanzika n'kubwera nthawi imene afuna sichinali chinthu chachilendo kwa munthu wa m'komboni. Ndipo munthu wa m'komboni amadziwa chochita madzi akapita. Suima padzuwa. Umaika chigubu chako pamzere kuti chikusungire malo, iwe n'kupita kukachita zina.

"Ba Phiri, yamachokela pati?" anafunsa bana Mulenga.

Wotsogolera alendo sayankha kuti sindidziwa. Ndinaona chimtengo chozikidwa mumchenga chapatali ndithu, chakuda, chomera tizigoba. Chinkaoneka ngati cha boma. Ndinachiloza ndi chala chonse.

Anatsitsa zigubu zonse pa basi, anayenda nazo pamatope atakwinya zitenje, ndipo anazindandalika kuyambira pa chimtengocho kubwera kumtunda. Panabuka mkangano wa amene anayamba kutsika basi, ndiponso ngati zigubu zotumidwa zili ndi ufulu wofanana ndi za eni ake. Bana Mulenga anagamula, ndipo chigubu chawo chachikasu cha mafuta ophikira chinakhala patsogolo. Zonse anazitseka zivindikiro kuti musalowe mchenga. Asodzi ena amene ankasoka ukonde anasiya ntchito n'kumationerera. Bana Mulenga anati awo ndi akawalala a zigubu, ndipo anasiya mayi wa makala uja pansi pa mtengo kuti azilondera.

Otsalafe ndinawatengera kukaona tauni, poti ndiyo inali ntchito yanga, ngakhale kuti mwina inali itatha kale. Ndinawaonetsa nyumba zakale za miyala, zina zopanda madenga. Pa ina panali munthu wofuna ndalama yolowera.

"Tilipile kuona nyumba yakugwa? Ku George mvula ikaloka timaona mahala."

Ndinawaonetsa zitseko zosema bwino, za maluwa ndi misomali ya mkuwa. Anazigwira, anagogoda, navomereza kuti mmisiri analipo, koma anati chitseko chokongola pa nyumba yong'ambika chili ngati mwamuna wa suti wopanda ntchito. Ena anandiyang'ana ine. Anakana madzi a kokonati mpaka mmodzi atafunsa kuti anawathiramo ndani, ndipo nditati Mulungu, anati ndiyambe ndine kumwa.

Kenako tinamva ng'oma. Chikondwerero chija chinali pabwalo lina pafupi ndi gombe. Kunali anthu oyenda pa mitengo italiitali, atsikana ovina atasenza mitsuko, mwamuna wina wovina ndi njoka yamoyo pakhosi, ndi azungu ofiira ndi dzuwa akujambula chilichonse. Pakhomo panalibe wolipiritsa. Ichi ndicho chinawaopsa azimayi kuposa njoka.

"Mahala? Bazatilipilisa potuluka. Gwilani vikwama."

Analowa atakumbatira zikwama ngati ana odwala, nakhala pamodzi malo amodzi. Anaonerera mwaukatswiri. Chigamulo chinali chakuti ng'oma zili bwino koma chiuno n'chaulesi. Wovina wina anamva kung'ung'udza kwawo, anabwera n'kukoka bana Mulenga kuwalowetsa m'bwalo. Ndinaganiza kuti pachitika ndewu. Koma mayi uja anamanga chitenje m'chiuno, anauza woimba ng'oma ndi chala kuti awonjezere moto, ndipo anavina. Anavina ndi dzanja limodzi lili pachifuwa kugwira kiyi, ndipo anthu a kumeneko anaganiza kuti ndi kavinidwe ka kwathu, ena mpaka anayamba kutsanzira. Azimayi ena analowa, nthungululu zinamveka, zikwama zili m'khwapa. Ine ndinaombera m'manja, koma khosi langa linali litatembenukira kunyanja. Kamzere kowala kaja kanali pomwe kanali. Mwina kanali katakula pang'ono, koma ndinakayikira maso anga, poti nawonso anali ndi chifukwa chonamira.

Dzuwa linapendeka. Foni ya ba Jairosi inalira mpaka inatopa. Magule anapumira, ndipo azimayi anayamba kundiyang'ana m'modzim'modzi. Bana Mulenga anabwera kudzakhala pafupi nane, akupuma mwamphamvu.

"Mbuya, kambani chabe zoona. Tizakumenyani pang'ono."

Ndisanayankhe tinamva mfuu kuchokera kugombe, mfuu imene aliyense wa ife anakula nayo, imene imadzutsa komboni yonse pompi ikayamba kutsokomola.

"Yabwela! Manzi yabwela!"

Anali mayi wa makala. Anali atagona pansi pa mtengo wake, ndipo anadzidzimuka zinthu zitachitika kale. Tinathamanga tonse, ine ndi tayi paphewa. Titatulukira pakati pa nyumba ziwiri zija, ndinaima.

Matope onse aja kunalibe. Mabwato anali ataimirira, akugwedezeka pa zingwe zawo ngati ng'ombe zochira. Madzi anali paliponse, obiriwira pafupi, akuda kutali, mpaka kumene anakumana ndi thambo, ndipo ankabwerabe, mzere pambuyo pa mzere, ndi phokoso ngati la mvula ya pa malata ikamayandikira. Sanatulukire pa chimtengo changa. Chimtengocho chinkangooneka kamutu. Ndipo mzere wathu wa zigubu, umene unakonzedwa mwachilungamo chotere, unali ukuyandama. Zigubu zotsekedwa bwino zija zinkavina pamafunde, zachikasu, zoyera, zabuluu, chilichonse ndi kansalu kake, chotsiriza chili patsogolo, choyamba sichikuoneka.

"Vigubu! Mayo, vigubu vanga!"

Azimayi amene sanalowepo m'madzi opitirira beseni analowa m'nyanja ya mchere ndi zitenje, maduku ndi nsapato. Funde linagwetsa mayi wa makala, anadzuka akulavula, natukwana, linamugwetsanso, ndipo ulendo uno anadzuka akuseka. Wina anagwira zigubu ziwiri m'khwapa n'kupeza kuti zikumunyamula, nayamba kukuwa kuti akusambira. Asodzi aja, akawalala a zigubu, analowa ndi bwato laling'ono n'kutola zimene zinapita patali, ndipo anabweza zonse zimene anazipeza osapempha kanthu, zimene azimayi anazikambirana kwa nthawi yaitali pobwerera. Palibe anafunsanso za mzere. Aliyense anatunga pamene anaima.

Bana Mulenga sanathamangire chigubu. Ndinawapeza ataima madzi ali m'chiuno, akuyang'ana kutali kumene kunalibe tsidya. Anatunga ndi dzanja, analawa, anakwinya nkhope. M'maso mwawo munali madzi amene sindinafunse ngati anali a m'nyanja.

"Ba Phiri," anatero potsiriza, osandiyang'ana. "Bamene bayasegula ni bandani?"

"Palibe, mayi. Amabwera okha."

"Na bili ilipila ndani?"

"Palibe."

Anapukusa mutu pang'onopang'ono. "Awe. Yonse aya? Alipo wamene adyapo."

Kenako anapisa dzanja pachifuwa n'kundipatsa kiyi, yonyowa, yofunda.

Pobwerera

Katundu wa ku Dar es Salaam anapita ndi basi ina. Ba Chileshe anandichotsa ntchito pa foni ndili ku Tanzania, anandichotsanso tili pa Nakonde, ndipo pa Mpika anaimba kuti atsimikize kuti ndamva. Basi inabwera yolemera ndi madzi okhaokha, ba Jairosi osandilankhula. Titalowa mu George anthu anatuluka m'nyumba, ndipo amayi anu anali ataima pa tebulo lawo la tomato manja ali m'chiuno. Sanayang'ane ine. Anayang'ana nkhope ya bana Mulenga, ndipo atamva mayi uja akukuwa ali pa windo kuti, "Amake Tisa, bamuna banu ni mbeba, koma nyanja iliko," anakhala pansi n'kuyamba kupanga milu ya tomato imene inali yopangidwa kale.

Lolemba lotsatira ndinakhala kunyumba monga munthu wochotsedwa ntchito. Chakumasana ba Chileshe anaimba kufunsa chifukwa chimene ndachedwera, poti pa windo panali mzere ndipo panalibe wina wodziwa kumene chidindo chimabisidwa. Za Bagamoyo sanazitchulenso mpaka ndinapuma ntchito, ndipo maulendo okaona nyanja anathera pomwepo.

Koma mlandu umodzi unatsala. Chigubu chachikasu cha bana Mulenga, choyamba pamzere, sichinapezeke. Asodzi anati mwina chinalowera cha ku Zanzibar. Azimayi anakhala bwalo kuseri kwa matebulo a makala, ndipo anapeza kuti wolakwa si nyanja, poti nyanja sinalonjeze kanthu, koma munthu amene analoza chimtengo. Ndinadandaula kuti chigubucho chinali chakale, chotuwa, ndiponso kuti chapita kumene mwini wake sanafikeko. Bana Mulenga anati ndi chifukwa chake chakwera mtengo. Tinakangana mpaka amayi anu ananditsina.

Ndinalipira makwacha makumi awiri. Za chivindikiro ndinakana.